Chikombole cha Malipoti a Sitandade 6

Kasakula,
20 Novembala 2023

Wokondedwa mwana wanga Tabita,

Ndikhulupirira kuti uli bwino ku Lilongweko. Kuno tadzuka, kungoti mvula yayamba ndi ukali, msewu wopita ku Boma wasanduka kale phala. Chimanga ndabzala kumunda wakumtunda kokha. Wakudambo ndausiya, unali wa amayi ako, ndipo ndekha sindingauthe.

Kalatayi ndapatsira azakhali ako a Margareta, aipereka kwa dalaivala wa minibasi ku Mponela. Usandiuze za foni. Zilembo zake zili ngati nyerere, ndipo ukaimba mawu amaduka ndisanamve chomwe wanena.

Nkhani ndi iyi. Teremu ikutha Khrisimasi isanafike, ndipo malipoti a ana anga a Sitandade 6 akudikira. Chaka chino kalasi yadzaza mpaka pakhomo, ana oposa makumi asanu ndi atatu. Kuwerenga malikisi ndimatha ndikayandikitsa pepala kumphuno, koma kulemba m'timabokosi ta malipoti tija dzanja likukana. Ukudziwa m'mene tinkachitira m'nyumba muno: ine kutchula dzina, malikisi ndi ndemanga, wina kulemba. Unayamba ndiwe uli ku sekondale. Utapita ku koleji amayi ako anatenga cholembera. Tsopano cholemberacho changokhala pa tebulo.

Bwera sabata yotsekera udzandilembere. Chiikire maliro a amayi ako mu Meyi sunapondenso pakhomo pano. Sindikudandaula, ndikungonena. Chaka chino n'chomaliza, mu Julaye ndikupuma pa ntchito, choncho sindikuvutitsa nthawi yaitali.

Ndine bambo ako,
Filipo


Lilongwe,
27 Novembala 2023

Okondedwa Ababa,

Kalata yanu ndalandira, ndipo ndakondwa kumva kuti mwadzuka. Ine ndili bwino, kungotopa. Ndalemba pa kompyuta ndi zilembo zazikulu kuti musavutike.

Kubwera mu Disembala sikutheka. Ku ofesi ndi nthawi yotseka chaka, aliyense akufuna mafayilo ake dzulo, ndipo abwana anena kale kuti wopempha tchuthi apemphe cha mpaka kalekale. Koma musadandaule, vuto lanuli ndi ntchito yomwe ndimagwira tsiku ndi tsiku. Mumandifunsa kuti kodi amandilipira chifukwa chiyani. Lero ndikuuzani.

Mukukumbukira chikombole chomwe tinaumbira njerwa za khitchini? Chikombole chimakhala chimodzi, njerwa zambirimbiri. Inenso ndimajambula pepala limodzi pa kompyuta, la mizere ndi timabokosi topanda kanthu: apa dzina, apa Masamu, apa Chichewa, apa malikisi onse pamodzi, apa ndemanga. Chikombole ndi chimenecho. Kenako ndimalemba pulogalamu, kutanthauza malangizo oti kompyuta itsate: tenga mwana woyamba, ika dzina lake m'kabokosi aka, malikisi ake umu, phatikiza, ngati walephera paka kabokosiko kufiira, sunga, tenga mwana wachiwiri. Madzi a tiyi asanawire mwana aliyense ali ndi lipoti lakelake, ndipo wa nambala wani mpaka womaliza asanjidwa kale.

Nditumizireni zinthu ziwiri: lipoti limodzi lakale kuti ndione maonekedwe ake, ndi buku la malikisi mayeso akatha. Ine ndidzatumiza fulashi kwa azakhali, akapulintitsa ku Mponela. Inu kwanu n'kungosaina.

Muzidya mokwanira, Ababa. Azakhali akuti mwaonda.

Ndine mwana wanu,
Tabita


Kasakula,
8 Januwale 2024

Tabita mwana wanga,

Moni wa chaka chatsopano. Kuno tili bwino, chimanga chafika m'mawondo. Khrisimasi ndinakadyera kwa azakhali ako ku Mponela. Tinakusungira mpando mpaka mpunga unazizira.

Malipoti aja anafika m'mawa wa tsiku lotsekera, oyera bwino, osapindika. Ndinasaina onse osawerenga, poti zilembo zake zinali zazing'ono ndipo ndinakhulupirira chikombole. Walira mvula walira matope. Tamva zomwe zinachitika makolo atalandira.

Kwa ana okhoza kwambiri, pamalo pa malikisi onse pamodzi panalibe nambala, panali timitengo topingasana ngati mpanda. Bambo ake a Thandiwe, mwana amene anakhala nambala wani, anandifunsa ngati mwana wawo tamutsekera m'khola. Kufiira kwako kuja, makina a ku Mponela alibe inki yofiira, ndiye timabokosi ta olephera tinatuluka takuda bii. Agustino akuuza kwawo kuti pansi pa mdimawo pali 90.

Koma chachikulu ndi ndemanga. Lipoti lakale lomwe ndinakutumizira linali la mwana wina wa chaka chatha amene anasamuka asanalitenge. Amayi ako analembapo mawu omwe tinagwirizana: "Mwana wabwino, koma amabwera kusukulu ndi njala. Makolo onanipo." Mawu amenewa atuluka pa lipoti la mwana aliyense. Aliyense, Tabita, ngakhale mwana wa apampando a komiti ya sukulu, amene ali ndi chigayo ndi ng'ombe. Akazi awo anaima pakati pa bwalo n'kunena kuti, "Aphunzitsi, mubwere kwathu mudzaone nkhokwe, kenako mudzalembenso." Ena anabweza mapepalawo m'manja mwanga. Ahedi anandiitanira mu ofesi. Sanakalipe, anangondiyang'ana momwe amayang'anira munthu woti watsala pang'ono kupuma.

Ine sindinakwiye. Kunena zoona, kwa theka la kalasi mawuwo anali oona. Koma zinthu zotere sizikonzeka pa kalata. Mapepala obwezedwawo ndasunga. Bwera udzaone ndi maso ako pomwe chikombole chako chapindika.

Bambo ako,
Filipo


Lilongwe,
21 Januwale 2024

Ababa,

Ndakondwa kuti muli bwino, koma pepani kwambiri. Kalata yanu ndawerenga kawiri. Koyamba ndinaseka, kachiwiri ndinachita manyazi.

Wolakwa ndine. Nditatsegula envulopu ija ndinapeza dzanja la amayi, ndi mizere yawo ija yojambula ndi lula. Ndinakopera mawu awo m'chikombole kuti ndiyeze ngati kabokosi ka ndemanga kakukwana. Kufufuta ndinati ndifufuta mawa. Chilichonse chotsalira m'chikombole chimatuluka pa njerwa iliyonse, ndipo zimenezi ndine amene ndimachenjeza anzanga ku ofesi kuno.

Zonse ndakonza. Timitengo tija timabwera nambala ikakula kuposa kabokosi kake, ndiye ndauza pulogalamu kuti iziyeza kaye nambala, kenako ikuze danga. Kufiira ndachotsa. Malikisi a olephera azituluka onenepa, okhala ndi mzere pansi, inki yakuda ikwanira. Ndemanga izisankha yokha malinga ndi malikisi: "Wakhoza bwino, apitirize," kapena "Wakhoza," kapena "Walephera, alimbikire." Zilembo ndakuza kuti muziwerenga musanasaine.

Mwaona, palibe chifukwa choti ndivutike ndi msewu wa matopewo. Mwezi uno ndikutuluka mu ofesi dzuwa litalowa, Loweruka lomwe, ndipo ndikafika kunyumba ndimagona ndi nsapato. Za kubwera tidzaona pa Isitala.

Mwana wanu,
Tabita


Kasakula,
2 Epulo 2024

Tabita,

Ndikhulupirira uli moyo, poti Isitala yadutsa osakuona. Kuno mvula yadula msanga. Mwendo wakumanzere ukundivuta pokwera chitunda cha kusukulu, koma ndimafika.

Malipoti a teremu yachiwiri afika. Mpanda wachoka, mdima wachoka, njala yachoka. Ndawayang'ana bwinobwino ndi galasi lokuzira zilembo lomwe andibwereka a Kalebe, mphunzitsi wachinyamata amene wabwera chaka chino, ndipo zolakwika zilipo ndithu. Dzina la sukulu lapendekera kumanzere. Mizere ndi yopyapyala, pomwe ya amayi ako inkaoneka uli chapatali. Posainira pali m'munsi kwambiri, dzanja limagwa papepala.

Ndiye pali ndemanga zakozo. Yeremiya teremu yatha anapeza 19 pa Masamu, teremu ino 38. Mwanayu amayamba wakasiya ng'ombe za amalume ake kudambo, amafika m'kalasi mame ali m'miyendo. Makina ako amulembera kuti, "Walephera, alimbikire." Alimbikire kuposa pamenepa? Ine ndikanalemba kuti, "Wakwera phiri limodzi, latsala lina." Diana wapeza 80 osatsegula buku, makina akuti apitirize. Apitirize ulesi? Ndi amayi ako, ndikatchula mwana tinkaima kaye n'kumukambirana, nthawi zina kukangana kumene, kenako n'kulemba. Ntchitoyo inkatenga sabata yathunthu, ndipo palibe tsiku ndinamva kuti yatalika.

Teremu ikubwerayi ndi yanga yomaliza. Zimenezi uyenera kudzakonzera kuno, pa tebulo.

Bambo ako,
Filipo


Mponela,
10 Epulo 2024

Iwe Tabita,

Moni sindikupatsa wambiri, dzanja langa ndi la sikelo ya nyemba, osati cholembera. Tili bwino, malonda ndi omwewa.

Ndatopa kukhala positi ofesi ya anthu awiri osamvana. Fulashi ipite, fulashi ibwere, ine ndisiye benchi langa kumsika ndikaime kwa opulinta ngati ndilibe chochita. Sukulu yonse unaphunzira ija sunaonebe? Achimwene sakufuna mizere yonenepa. Ulendo umene malipoti anatuluka ndi njala uja, munthu anachititsidwa manyazi pamaso pa makolo, koma anafika kuno akumwetulira, akuti, "Achemwali, chalakwika, tsopano abwera." Sabata yatha ndinawapeza pakhonde ndi galasi lija, akusakasaka cholakwika ngati nkhuku padzala. Atapeza dzina lopendekera lija anadzuka okha kukateleka tiyi.

Bambo ako ndi mbewa ya manyazi, adzafera kuuna. Mu Novembala anakuuza poyera kuti bwera, iwe unayankha ndi chikombole, ndiye nawonso akukuitana kudzera m'chikombole chomwecho. M'nyumba muja amadya ataimirira. Mpando wa alamu anga sanausunthe. Tebulo amalipukuta tsiku lililonse, koma sakhalapo.

Leka kukonza. Chinthucho chisiye chikhale chopunduka, ukwere minibasi. Ndanena.

Azakhali ako,
Margareta


Lilongwe,
14 Epulo 2024

Ababa,

Moni. Mwendowo mupite nawo kuchipatala, musadikire.

Kalata yanu yandipweteka. Malipoti amenewa ndimawagwira Lamlungu, anzanga ali kutchalitchi, ndipo mawu oti zikomo ndawafuna m'kalatamo osawapeza. Koma chabwino. Dzina la sukulu tsopano lili pakati. Mizere ndanenepetsa. Posainira ndakweza. Ndawonjezeranso pepala lina momwe ndemanga ya mwana aliyense ingalembedwe payokha, mawu anuanu, ndipo pulogalamu iziitenga n'kuiika pa lipoti la mwini wake.

Ndamva kuti a Kalebe ali ndi laputopu. Pa fulashi iyi ndaika zonse: chikombole, pulogalamu, ndi malangizo a kagwiritsidwe kake. Apatseni. Inu muzitchula, iwo azitayipa. Buku la malikisi silifunikanso kubwera ku Lilongwe, ndipo simudzadikiranso ine pa chilichonse.

Tabita


Lilongwe,
9 Meyi 2024

Azakhali,

Kalata yanu ya pa 10 Epulo yandipeza dzulo. Dalaivala akuti inagwera kuseri kwa mpando, minibasi n'kukakhala ku galaja. Ikanafika pa nthawi yake sindikanatumiza fulashi ija, ngakhale kalata yomwe inapita nayo.

Musaganize kuti sindinkadziwa konse. Ndinkadziwa pang'ono, momwe munthu amadziwira kuti dzino layamba kubooka koma n'kumatafunira mbali inayo. Ntchito ndi yambiri, zoona, koma si yokhayo. Ndimaopa nyumba ija, azakhali. Pamaliro panali anthu, phokoso, nyimbo, ndiye sindinaimve bwino. Tsopano ndikalowe, ndikhale pa mpando wa amayi, nditenge cholembera chawo, ababa atchule dzina ine ndilembe ngati palibe chachitika? Kukonza timabokosi n'kosavuta. Kabokosi ukakauza kuti kula, kamakula.

Ndapempha tchuthi cha sabata yotsekera sukulu mu Julaye. Abwana akuti aona. Ababa musawauze kaye, ndawalonjeza kokwana.

Ndine mwana wanu,
Tabita


Kasakula,
15 Julaye 2024

Mwana wanga Tabita,

Ndakhala chete miyezi ingapo. Usadabwe, panalibe chodandaula. Mwendo uli bwinoko. Chimanga ndakolola, si chambiri, koma pakamwa ndi pamodzi.

Zikomo. Unati sunawapeze mawuwa, ndi amenewo, ndipo ndikunena ndi mtima wonse. Fulashi ndinapereka kwa a Kalebe monga unanenera. Iwo anakaonetsa ahedi, ahedi anakondwa kwambiri, moti teremu ino sukulu yonse yatuluka m'chikombole chako. Lachisanu lapitali a Kalebe anadina kamodzi pa nthawi ya buleki, malipoti a makalasi onse n'kutha belu lisanalire. Aphunzitsi anaomba m'manja. Dzina lako latchuka kuno.

Za ndemanga, ndinapita mawu anga ali okonzeka m'mutu. Tinalemba ana atatu, ahedi n'kulowa, akuti laputopu ikudikiridwa ndi makalasi ena, tingogwiritsa ntchito zosankha makina zija, n'zokwanira. Sanalakwe. Anati, "A Filipo, mwagwira ntchito zaka zambiri, sabata ino kapumeni." Ndiye ndikupuma.

Malipoti a kalasi yanga ndabwera nawo kunyumba kudzasaina. Ndawayang'ana ndi galasi kuyambira pamwamba mpaka m'munsi, limodzilimodzi. Ndinafunitsitsa, Tabita, koma sindinapeze cholakwika ngakhale chimodzi. Wagwira ntchito yabwino.

Choncho usavutike ndi ulendo. Kuno kulibenso choti udzalembe.

Ndine bambo ako,
Filipo


Kasakula,
25 Julaye 2024

Azakhali,

Ndikhulupirira muli bwino. Pepani kuti ndinadutsa pa Mponela osaima, ndinaopa kuti ndikakhala pa benchi lanu sindipitiriranso. Tchuthi anandipatsa, koma sabata yolakwika. Ndinafika Lolemba, sukulu itatsekedwa kale Lachisanu, malipoti atapita ndi eni ake, ababa atalandira kale bulangeti lowatsanzikira.

Ndinawapeza pakhonde. Atandiona anati, "Kalata yanga sunalandire?" Ndinati ndinalandira. Anati, "Ndiye wadzatani?" Ndinangolowa kukaika chikwama. Nyumbayi ili momwe ndinkaopera. Ndinakalirira kukhitchini. Iwo anamva, sanabwere, ndipo ndinawathokoza mumtima.

Lachiwiri m'mawa tinalibe chokambirana. Mwendo, msewu, zokolola, zonse zinatha tiyi asanazizire. Ndiye ndinatenga kope lopanda ntchito pa kabati, ndinakhala pa tebulo, ndinati, "Tchulani." Anati, "Za chiyani? Palibe adzawerenge." Ndinati, "Tchulani basi, Ababa."

Anatenga nthawi kuti akoke mpando wawo. Anayamba ndi mwana wotchedwa Nowa, amene sindinamumvepo. Ndemanga isanabwere ndinayenera kumva kaye za agogo ake, za mbuzi yawo yomwe inagwera m'chitsime, ndi za chibwibwi chake chomwe chimatha akamaimba. Tinafika masana. Ndemangayo ndi ya mizere iwiri. Tinakangana pa mawu amodzi, iwo anapambana.

Ndikafuna kufulumira amandigwira dzanja, akuti ntchito imeneyi sithamangiridwa. Dzulo anadya atakhala pansi, mbale anamaliza. Chiyambire Lachiwiri sitinafike pa mwana wakhumi, ndipo kalasi ija mukuidziwa kukula kwake. M'mawa uno ndawamva kumpanda akuuza aneba kuti mwana wabwera kudzathandiza malipoti, akhalapo mpaka timalize.

Tchuthi changa chikutha Lamlungu, azakhali. Ababa sindinawauze.

Ndine mwana wanu,
Tabita